Chingwe cha Buluu cha a Zanyengo

Lamulungu, pa 17 Ogasiti, m'tchalitchi modzaza mpaka ena kuimirira pakhomo, mwana wamkazi wa a Zanyengo anapita kutsogolo, n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri, n'kunena kuti: "Ulendo uja ndinapita ndili ndekhandekha, koma ndabwerako ndili ndi banja." Mpingo wonse unawomba m'manja. Amayi ena anapukuta misozi. Bambo ake omubereka, amene anakwera naye basi imodzi popita ndi pobwera, anali pa benchi yachitatu, jekete ili m'thupi, chipewa chili pabondo. Palibe amene anacheuka kuti awaone. Munthu amene anayandikana nawo anachita kuwagunda ndi chigongono kuti nawonso awombe.

Sanawombe. Ndipo mpaka lero palibe amene wabwera kudzawafunsa chifukwa chake.

Dzina lakuti a Zanyengo analitenga ku ntchito. Zaka zoposa makumi atatu anagwira pa kasiteshoni koyezera nyengo, kumapeto kwa bwalo la ndege: kabokosi koyera ka matabwa, galasi loyezera mvula, ndi kachitsulo kozungulira ndi mphepo pamwamba pa mlongoti. Ntchito yawo inali kuyeza zimene zagwa kale, osati kulosera zimene zikubwera, koma anthu a mumsewu wawo sanafune kumva kusiyana kumeneko. Mvula ikagwa tsiku la ukwati, olakwa anali iwo. Ikakana kugwa, olakwa anali iwo omwe.

Sukulu anapita nayo patali, ndipo mutu wawo sutaya kanthu. Akukumbukirabe mphunzitsi amene anapereka mphoto ya masamu kwa mwana wa mlamu wake. Akukumbukira bwana amene anakweza pantchito mnyamata yemwe iwo anachita kumuphunzitsa kagwiridwe ka galasi. Akukumbukira neba amene anabwereka makwerero n'kuwabweza atathyoka, uku akufunsa ngati analinso choncho kale. Anthu amati ndi munthu wosakhululuka. Limenelo ndi bodza. Amakhululuka bwinobwino, kungoti amafuna wolakwayo ayambe wavomera, ndipo ovomerawo ndi amene asowa m'dziko.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa kuwazimitsa: akazi awo. Ankawasiya alankhule mpaka mawu awathere, kenako n'kuwafunsa ngati m'tiyi athiremo shuga wina. Mayiwo atamwalira, zaka ziwiri zapitazo, ana akuluakulu anabwerera kumabanja kwawo, m'nyumba n'kutsala anthu awiri: a Zanyengo ndi mwana wawo womaliza, amene amangomuitana kuti Mzime. Sanakanganepo. Bola akanakangana. Mawu a m'nyumbamo anatsala akuti "Mwadzuka bwanji adadi," "Madzi asiya," ndi "Ndapita." Mzime ankatenga mbale yake n'kukadyera kuchipinda, foni ili pambali. Bambo ake ankadyera patebulo, moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu.

Ndiye abusa atalengeza kuti achinyamata akupita ku dziko loyandikana nalo kukapenta sukulu ya mpingo wa kumeneko, ndipo pakufunika wamkulu mmodzi wowaperekeza, a Zanyengo anakweza mkono. Anthu anadabwa. Iwo anati ndi ntchito ya Ambuye. Zinali zoona ndithu, koma panali zoona zinanso: Mzime anali m'gulumo, ulendo unali wa masabata awiri, ndipo m'basi mipando imakhala iwiriiwiri. Mwana sangathawire kuchipinda basi ikuyenda.

M'chikwama anaikamo tochi, mankhwala a m'mimba, ekisitenshoni ya mabowo anayi yotchajira mafoni, ndi chingwe cha buluu choyanikira zovala, chimene anamasula kuseri kwa nyumba m'mawa wa ulendowo. Chingwecho anagula ndi malemu akazi awo Mzime ali wakhanda, chifukwa cha matewera. Chinali chitayezuka ndi dzuwa, koma cholimba. Ankadziwa kuti achinyamata amakumbukira kutenga sipika ndi magalasi a dzuwa, koma palibe amene amaganiza za poyanika kabudula.

Mtsogoleri wa gulu anali mnyamata wa ndevu zometedwa mwaluso, amene anzake ankamutchula kuti a Tcheya. Anali atachitako maphunziro a utsogoleri a sabata imodzi, ndipo anabwerako ndi wezulo m'khosi. Anaima pakhomo pa basi, chipewa chili m'manja, m'chipewamo muli zotsekera mabotolo zolembedwa manambala.

"Abale ndi alongo, paulendo uno tikumanga umodzi," anatero a Tcheya. "Aliyense atola chotsekera chimodzi m'mawa uliwonse. Amene mwafanana naye nambala ndiye bwenzi lanu la tsikulo. Mukhala limodzi, mudya limodzi, mupenta khoma limodzi. Koma tamverani: ngati mwafanana ndi m'bale wanu kapena mnzanu wakale, mubweza n'kutolanso. Sitikupita kunja kukacheza ndi anthu amene timawadziwa kale."

"Nanga ine?" anafunsa a Zanyengo. "Ine ndabwera ngati kholo."

"Agogo, m'basi muno mulibe kholo, mulibe mwana. Tonse ndife thupi limodzi."

Thupi limodzilo linawapatsa mtsikana wina wa kwaya, amene anatseka makutu ndi timawaya ta nyimbo basi isanatuluke n'komwe m'tauni. Mzime anali mipando isanu kutsogolo. Ulendo wonse bambo ake anaona nkhongo yake yokha.

Atafika anawagoneka m'makalasi awiri, anyamata kwina, atsikana kwina, matiresi pansi. A Zanyengo anawapatsa kachipinda kosungiramo choko ndi matsache. Chinthu choyamba anamanga chingwe chawo, kuchokera pa chitsulo cha windo kukafika pa mlongoti wa thanki ya madzi. Dzuwa lisanalowe chinali chitadzaza ndi mataulo. Palibe amene anafunsa kuti chachokera kuti. Mwina ankaganiza kuti zingwe zimamera zokha m'mayiko akunja.

Masiku oyambirira umodzi uja sunaoneke. A kwaya ankati a mpira ndi akunja ovala malaya a mpingo. A mpira ankati a kwaya amapenta ngati akuopa kudzutsa khoma. A ku tchalitchi chachikulu ankadyera mbali yawo, a ku nthambi mbali yawo, ndipo bwenzi la tsiku linkangokhala munthu amene wakhala naye mosayang'anana. Koma nkhondo yeniyeni inali ya soketi. Pasukulu ponse soketi yogwira ntchito inali imodzi, pakhonde, ndipo mafoni anali oposa makumi awiri. Tsiku lachitatu atsikana awiri anakokana mawigi, mnyamata wina n'kulumbira kuti abwerera kwawo wapansi. A Tcheya anaimba wezulo mpaka masaya kuwawa. Anayesa sewero logwa chagada kuti anzako akuwakhe. Woyamba kugwa sanamuwakhe.

Apa m'pamene a Zanyengo anatulutsa ekisitenshoni yawo. Anaika mpando pafupi ndi soketi n'kukhalapo. Analamula kuti foni iliyonse izikhala pamoto theka la ola, ndipo amene sanatsuke bulashi yake asayandikire n'komwe. Anawonjezera kuti zovala zizichoka pachingwe dzuwa likapendeka, chifukwa mitambo ya kum'mawa ija sinkawasangalatsa. Anthu a m'dzikomo anayesa kuwauza ndi manja kuti mwezi umenewo mvula sigwa. Iwo anayankha kuti mitambo siwerenga kalendala.

Mvula sinagwe. Sinagwe tsiku limenelo, sinagwe mawa lake, sinagwe ulendo wonse. Chimene chinagwa ngati mvula ndi umodzi.

Zinayamba pang'onopang'ono. Wa kwaya ndi wa mpira, ataima pamzere wa soketi, anapezeka akunong'onezana n'kuseka. A ku nthambi anayamba kubisira a ku tchalitchi chachikulu mabulashi osatsuka. Panabadwa chizindikiro: munthu akanyowetsa chala n'kuchikweza m'mwamba, ndiye kuti madala akubwera. Pofika Lachisanu, atsikana okokana mawigi aja ankalukana tsitsi pansi pa thanki, uku akuyeserera mawu a munthu mmodzi.

A Zanyengo si chitsiru. Ankaona kuti akalowa m'kalasi phokoso limazima, akatuluka limayaka. Ankangodzilimbitsa mtima ndi chinthu chimodzi: zotsekera zija. Ankadziwa masamu. Tsiku lina nambala yawo idzafanana ndi ya Mzime, ndipo tsiku limenelo adzaona ngati mnyamata wa wezulo angalimbe mtima kulekanitsa bambo ndi mwana wake pamaso pa anthu.

Tsikulo linafika m'sabata yachiwiri. Anatola naini. Mzime anatambasula dzanja lake: naini.

"Eee, abale awa!" anakuwa mnyamata wina. "Bwezani, bwezani!"

"Sindibweza," anatero a Zanyengo. "Ndatola mwachilungamo."

"Agogo, lamulo ndi lamulo," anatero a Tcheya. "Inu ndi mwana wanu mumadziwana kale."

"Wakuuza ndani?"

Gulu lonse linafa nacho chiseko, poganiza kuti madala ayamba nthabwala. Mzime sanaseke. Anayang'ana chotsekera chake kanthawi, kenako anachiponya m'chipewa yekha.

"Adadi, musavute. Anthu akudikira."

Mzime anatolanso, n'kufanana ndi a Tcheya. Zimenezo lamulo linalola. A Zanyengo anafanana ndi dalaivala wa basi, munthu amene kuyambira tsiku lofika ankagona pa mpando wakumbuyo, n'kumadzuka pa nthawi ya chakudya yokha. Ubwenzi wawo wa tsikulo unali wa mawu awiri: "Mwaswera?" "Ndaswera."

Masana a tsiku lomwelo, akuchokera kotsuka ndowa za penti, anamva chiseko chachikulu m'kalasi ya atsikana. Anaima pawindo. Gulu lonse linali litakhala pamatiresi, a kwaya, a mpira, a ku nthambi, osakanikirana ngati ana a mayi mmodzi. Kutsogolo kunali Mzime. Anali atavala chipewa cha bambo ake, manja kumbuyo, mimba patsogolo. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuima, n'kunyowetsa chala, n'kuyang'ana kudenga.

"Ana inu," anatero ndi mawu a bambo ake enieni, mpaka kakhosomo kaja ka pakati, "ine ndayeza mvula zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala ndi mano. Chotsani makabudula pachingwe."

Anthu anagubuduka pansi. Wina anapempha kuti achite za makwerero a neba. Anachita. Anachita za mphoto ya masamu. Anachita mmene bambo ake amapindira nyuzipepala akakwiya, ndi mmene amaitanira "Mzime!" kawiri, koyamba mokweza, kachiwiri motsitsa ngati akupepesa. Zonse anazigwira ndendende. A Zanyengo anaima pawindopo, ndowa ili m'manja, n'kuzindikira kuti mwana amene ankaganiza kuti sawayang'ana wakhala akuwayang'ana zaka zonsezi, osaphonya kanthu. Kenako Mzime yemwe analephera kupitiriza, anagwira m'mimba, n'kuseka mpaka misozi. Chiseko chimenecho a Zanyengo anali asanachimve chimwalirire mayi ake a Mzime. Ndi chiseko cha mayi akewo, chokwera kumapeto.

Sanalowe. Anakaika ndowa m'malo mwake n'kubwerera pampando wawo wa pasoketi.

Kumeneko a Tcheya anawapeza. Mnyamatayo anakhala pansi mwaulemu, n'kutsitsa mawu.

"Agogo, ndimafuna ndikuthokozeni. Pa maphunziro paja anatiuza kuti gulu limagwirizana likakhala ndi vuto limodzi lolimbana nalo. Ine ndinayesa masewero onse, osatheka. Koma inu, eee, Mulungu amagwiritsa ntchito aliyense."

"Ndiye vutolo ndine?"

"Ayi, osati choncho. Ndinu dalitso. Chonde musasinthe, kwangotsala masiku ochepa."

Sanasinthe. Akanasintha bwanji? Akanafewa, mwanayo akanaseka chiyani? Anawonjezera ukali, nthawi ya foni n'kuidula pakati, ndipo analosera mvula ya matalala. Ena adzati ankachita dala, ena adzati ndi mmene alili. Iwo eni sanena.

Tsiku lomaliza m'mawa a Zanyengo anapita ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo kukabweza makwerero kumene anabwereka, athunthu, osathyoka. Pobwera anapeza zovala zonse zitayanikidwa pa mpanda wa maluwa. Pakati pa windo ndi thanki panalibe kanthu. Achinyamata anali ataima mozungulira pabwalo, atagwirana manja, akuimba, ndipo aliyense anali ndi kachingwe ka buluu pamkono.

"Chingwe changa chili kuti?"

"Agogo, mwaphonya mwambo wokoma," anatero a Tcheya, maso ali ofiira ndi kulira. "Tinafuna chinthu chimodzi chimene tonse tinachigwiritsa ntchito, kuti aliyense atenge kachidutswa. Chingwe chimodzi, anthu ambiri. Mwaona tanthauzo lake?"

"Ndaona lumo. Wadula ndani?"

Mzime ankayang'ana nsapato zake.

"Changa chili kuti?"

A Tcheya anakanda ndevu. "Chinatsala chimodzi, koma tinaganiza kuti inu simungavale zinthu zachibwana ngati zimenezi. Ndiye tapatsa adalaivala."

Dalaivala anakweza mkono pawindo la basi, kachingwe kali lendelende, n'kubwerera kukagona.

Kunena zoona, a Zanyengo sakanavala. Munthu wa zaka zawo sayenda ndi chingwe choyanikira pamkono ngati mbuzi yothawa. Koma kukana ndi ufulu wa munthu amene wapatsidwa. Iwo sanapatsidwe mpata ngakhale wokana chinthu chawo chomwe.

Pobwerera m'basi munali nyimbo kuyambira kunyamuka mpaka kufika. Pa chipata cha dziko anajambulitsa atakumbatirana, mikono ya buluu ili m'mwamba. Anapangana kuti sadzasiyana mpaka kalekale. Ndipo Lamulungu lotsatira, pa 17 paja, anapereka lipoti ku mpingo. A Tcheya anafotokoza za zotsekera mabotolo, abusa n'kunena kuti njira imeneyi iyenera kuphunzitsidwa m'mipingo ina. Anathokoza amayi amene anaphika, anathokoza dalaivala chifukwa cha kudekha kwake. Za wamkulu woperekeza anati, "Sitikuiwalanso agogo athu, amene anatisungira mafoni." Kenako Mzime ananena mawu ake aja a banja, n'kuwonjezera kuti kumeneko anaphunziranso kuseka. Sananene kuti ankaseka ndani.

Chibwerereni, m'nyumba mwa a Zanyengo zovala zimayanikidwa pa mipando ndi pa chitseko cha bafa. Mzime sakhalitsa pakhomo: Lachiwiri mapemphero a gulu, Lachinayi kwaya, Loweruka kukaona wina wa "banja" amene wadwala chimfine. A Tcheya amamuperekeza mpaka pageti, ndipo zikuoneka kuti lamulo loletsa kuyenda ndi munthu amene umamudziwa kale linathera kunja konkuja.

Loweruka lapitali a Zanyengo anapita kusitolo ya zitsulo n'kugula chingwe china. Cha buluu kunalibe, anapeza chachikasu. Anamanga mbali imodzi pa msomali wakale kuseri kwa nyumba. Mbali inayo imafuna anthu awiri, wina kukoka, wina kumanga, apo ayi chimagwa pakati, malaya n'kumakhudza dothi. Kale ankakoka ndi mayi ake a Mzime. Anakhala pa sitepe, chingwe chili pamiyendo, mpaka geti inalira.

"Mzime! Mzime."

Anabwera, chikwama chili paphewa, kachingwe kaja kakadali pamkono, katada ndi sopo ndi thukuta.

"Unadula ndiwe?"

"Ndine, adadi."

"Unkadziwa kuti n'cha mayi ako?"

"N'chifukwa chake ndinadula. Ndikatsegula windo la kuchipinda kwanga, chinthu choyamba kuona chinali chimenecho. Mpaka kunja kwa dziko chinanditsatira." Anatembenuza mkono. Pa kachidutswa kake panali mfundo yakale, yolimba ngati mwala, imene mayi ake anamanga chingwecho chitaduka chaka china. "Ndinasankha pamenepa. Enawo anatenga zopanda kanthu."

"Ine sunandisankhire."

"Mukanavala?"

"Limenelo si funso lako. Funso ndi langa."

"Adadi, mwayambatu. Mukufuna ndikatenge chipewa ndikuchitireni pompano?" Pakamwa pake panayamba kugwedera, chiseko chija chili pafupi.

A Zanyengo sanaseke. Anaimirira, mawondo akulira, n'kutambasula dzanja limene linali ndi nsonga ya chingwe chachikasu. Foni ya Mzime inayamba kulira m'chikwama. Onse awiri ankadziwa amene akuimba.

"Isiye ilire. Unauza mpingo wonse kuti unapita wekha, ine ndili m'basi momwemo. Unati wapeza banja. Chabwino, sindikulanda. Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi, ndipo sindikufunsa a Tcheya, sindikufunsa abusa, sindikutola chotsekera m'chipewa. M'banja lakolo ine ndilimo, kapena ndine nyengo chabe yoti anthu azikambirana? Ngati ndilimo, gwira uku ukoke. Ndiyankhe, Mzime."